Boma akuti likuonjezera ndalama m'masukulu, nanga fizi ikukwereranji chaka ndi chaka?

Nachisale wa ku Rosettenville

Muli bwanji nonse akuluakulu. Nyengo ya misonkhano ya bajeti m'masukulu yafika, ndipo makalata amene ana akubwera nawo kunyumba nkhani yake ndi imodzimodzi: fizi ikwera chaka chamawa chifukwa ndalama za boma sizikukwanira. Kwa amene ana awo ali pa sukulu zosalipiritsa fizi, kalata yake ikupempha chopereka, kapena rimu ya mapepala mwana aliyense, mwinanso mathishu ndi sopo wa m'chimbudzi. Koma tikamamvera nkhani, aboma amanena kuti ndalama imene amapereka pa mwana aliyense amaionjezera chaka chilichonse molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Ndiye akunama ndani, ahedi kapena boma?

Amene mumazidziwa bwino izi tatiunikireni. Ndalamayo ndi zingati kwenikweni, amaikweza motani, ndipo ikusowera pati? Amalawi ambiri kuno ku Joni timangokhala chete pa misonkhano imeneyi, timakweza dzanja ena akakweza, chifukwa mawerengero ake sitiwadziwa komanso timaopa kuoneka ngati alendo ovuta.

A Gama a ku Turffontein

Mayi Nachisale, palibe akunama pa awiriwo. Boma limaonjezeradi, ndipo sukulu ikusaukiradi.

Choyamba tidziwe kuti ndalama imene tikuikambayi ndi iti. Si ya malipiro a aphunzitsi, iwo amalandira kuchokera ku dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng. Si ya chakudya cha ana, imeneyo ili ndi thumba lakelake. Si yomangira makalasi atsopano. Ndi ya zinthu za tsiku ndi tsiku: mabuku, makope, choko, mapepala ndi inki ya makina a fotokope, magetsi, madzi, kutayitsa zinyalala, kukonza mawindo osweka ndi zimbudzi zotsekeka. Malamulo ake ali mu National Norms and Standards for School Funding, amene anachokera pa South African Schools Act ya 1996. Masukulu anawagawa m'magulu asanu otchedwa quintile, potengera umphawi wa dera limene sukuluyo ili. Quintile 1, 2 ndi 3 ndiwo salipiritsa fizi, 4 ndi 5 amaloledwa kulipiritsa.

Mlingo wa dziko lonse pa mwana mmodzi pa chaka, m'masukulu osalipiritsa fizi, unali R1,536 mu 2022, R1,602 mu 2023, ndi R1,672 mu 2024. Mu 2024 momwemo quintile 4 inali pa R838, quintile 5 pa R289. Mukagawa R1,672 ndi masiku a sukulu, amene amakhala pafupifupi 200 pa chaka, mupeza kuti mwana mmodzi akuyendera R8 ndi masenti ochepa pa tsiku. Mmenemo mutuluke buku, pepala la mayeso, madzi ogejemulira chimbudzi ndi getsi la m'kalasi.

Tsono kukweza kwake kuli ndi zibowo ziwiri. Chibowo choyamba n'chakuti mlingowo amaulengeza chaka chisanayambe, ndiye sagwiritsa ntchito kukwera mitengo kumene kwachitikadi, amagwiritsa ntchito kumene a National Treasury, nthambi ya boma yosunga chuma cha dziko, akuyerekeza kuti kudzachitika. Kuchoka pa R1,536 kufika pa R1,602 ndi 4.3 peresenti. Koma malinga ndi Stats SA, ofesi ya boma ya ziwerengero, mitengo mu 2023 inakwera ndi pafupifupi 6 peresenti, ndipo mu 2022 inakwera ndi 6.9 peresenti, mpaka mu July chaka chimenecho inafika pa 7.8. Akanatsatira 6 peresentiyo, R1,536 ikanakhala R1,628, osati R1,602. R26 pa mwana ikuoneka ngati ya maswiti, koma pa sukulu ya ana 1,000 ndi R26,000. Choipa kwambiri n'chakuti chaka chotsatira sabwerera kukakwirira dzenjelo, amangoonjezera peresenti yatsopano pamwamba pa nambala yoperewera kale. Kuchoka pa R1,602 kufika pa R1,672 ndi 4.4 peresenti, ndipo mu 2024 mitengo inakweradi ndi 4.4, ndiye munthu atha kunena kuti chaka chimenecho analondola. Analondola inde, koma anayambira pansi.

Chibowo chachiwiri ndiye chachikulu, ndipo ndi chimene makomiti ambiri a masukulu amalephera kufotokozera makolo. CPI, muyeso wa kukwera mitengo umene boma limatsatira, imayeza zinthu zimene banja wamba limagula: ufa, buledi, lendi, thiransipoti, zovala, inshuwalansi, ngakhale mowa ndi fodya. Sukulu sigula zimenezo. Gawo lalikulu la ndalama zake limathera ku bilu ya khonsolo, ndipo bilu imeneyo siyenda ndi CPI. NERSA, bungwe loona za mitengo ya magetsi, inalola Eskom kukweza magetsi ndi 18.65 peresenti mu April 2023, kenako 12.74 peresenti mu April 2024. Masukulu a ku Soweto ndi madera ena amene amagula kwa Eskom mwachindunji amamva kuwawa mu April momwemo. Amene ali pansi pa City Power, kampani ya magetsi ya khonsolo ya Johannesburg, amakumva pa 1 July, ndipo zaka ziwiri zonsezo kukwera kwake kunaposa 12 peresenti. Madzi a Johannesburg Water nawonso akhala akukwera kuposa CPI, chifukwa iwo amagula kwa Rand Water amenenso amakweza.

Tiyeni tiyerekeze chabe, manambala awa ndi ongophunzirira. Sukulu ina pa R100 iliyonse, R40 imapita ku mabuku ndi zolembera, R35 ku magetsi ndi madzi, R15 ku zokonzakonza, R10 ku za mu ofesi. Mabuku akakwera ndi 6 peresenti ndiye R2.40 yaonjezereka. Khonsolo ikakweza ndi 13 peresenti ndiye R4.55. Zokonzakonza pa 6 peresenti ndi masenti 90, za mu ofesi pa 5 peresenti ndi masenti 50. Zonse pamodzi R8.35. Ndiye kuti sukulu imeneyo mitengo yake yakwera ndi 8.35 peresenti pamene boma laipatsa 4.4. Bilu ya khonsolo sunganyengerere, akadula magetsi ndi madzi ana amabwezedwa kunyumba. Choncho chimene chimadulidwa ndi chimene sichilira: mpope wodontha umasiyidwa, buku limodzi amagawana ana awiri, mapepala amapemphedwa kwa makolo. Rimu imene mukuitchulayo yachokera pamenepo. Ndipo mpope wosiyidwawo umadzakweza bilu ya madzi mwezi wotsatira.

Mayi Nankhoma a ku Yeoville

A Gama mwalongosola bwino, koma mwasiya nkhani ya nthawi ndi nkhani ya kuwerenga ana, ndipo kwa ife Amalawi yachiwiriyi ndiye yathu yeniyeni.

Sukulu imayenda ndi makalendala atatu osagwirizana. Chaka chake cha ndalama ndi January mpaka December. Cha boma ndi 1 April mpaka 31 March. Cha khonsolo ndi 1 July mpaka 30 June. Dipatimenti imayenera kudziwitsa sukulu pofika 30 September ndalama imene ikuyembekezeka chaka chotsatira, ndipo komiti imapanga bajeti ndi nambala imeneyo mu October kapena November. Pa nthawi imeneyo palibe amene akudziwa mitengo yatsopano ya khonsolo ya July wa chaka chamawa. Komiti yosazolowera imatenga bilu ya mwezi wathawu n'kuchulukitsa ka 12, basi. Njira yoyenera ndi kuwerengera miyezi 6 pa mtengo wa lero, miyezi 6 inayo pa mtengo wokwera, ndipo osatenga bilu ya mwezi umodzi wokha chifukwa ya June ndi July, nthawi ya chisanu, siifanana ndi ya February.

Kenako ndalamayo imabwera m'magawo awiri, pofika 15 May ndi pofika 15 November, ikabwera pa nthawi yake. Ndiye kuyambira January mpaka May, miyezi imene sukulu imagula zinthu zambiri, imakhala ikudya zotsala za November. Ikachedwa, bilu ya khonsolo imayamba kubereka chiwongoladzanja, ogulitsa mabuku amakana kupereka katundu pa ngongole kapena amakweza mtengo. Sukulu siingangopita ku banki kukakongola, lamulo limafuna chilolezo cha akuluakulu a maphunziro a m'chigawo. Ndalama yochedwa miyezi itatu imafika itachepa kale mphamvu, koma pa pepala imaoneka kuti yalipidwa yonse.

Masukulu nawonso ali pawiri. Amene anapatsidwa mphamvu za Section 21 amalandira ndalama mu akaunti yawo n'kumagula okha. Ena dipatimenti ndiyo imawagulira, iwo amangolemba zimene akufuna. Funsani ahedi kuti sukulu yanu ili ndi mphamvu ziti, makamaka ya kulipira magetsi ndi madzi, chifukwa pamenepo ndi pamene mumadziwira kuti ngongole ya khonsolo ili pa mutu wa ndani.

Tsono za kuwerenga ana. Ndalama ndi ya pa mwana aliyense, koma nambala ya ana imene amawerengera ndi ya m'mbuyo, ya chaka chimene bajeti inapangidwa. Gauteng imalandira ana atsopano ochuluka chaka chilichonse kuchokera m'zigawo zina ndi m'mayiko oyandikana. Sukulu imene inali ndi ana 900 n'kufika pa 980 imayamba chaka ikusamalira ana 80 amene ndalama yawo kulibe. Zili ngati kusokera mwana yunifolomu potengera msinkhu wake wa chaka chatha.

Palinso ana opanda mapepala. Ku Eastern Cape dipatimenti inasiya kupereka ndalama za ana amene analibe nambala ya ID kapena ya pasipoti mu SA-SAMS, kompyuta yolembamo ana. Nkhaniyo inafika ku khoti lalikulu la ku Makhanda, ndipo mu December 2019, pa mlandu umene ambiri amautcha wa Phakamisa, khoti linagamula kuti mwana sangakanizidwe sukulu kapena ndalama yake chifukwa chosowa mapepala. Section 29 ya malamulo oyendetsera dziko lino imati aliyense, osati nzika yokha, ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira. Unduna unatulutsa Circular 1 ya 2020 potsatira chigamulocho, ndipo lamulo la BELA, losintha malamulo a maphunziro oyambira, limene linasainidwa mu September 2024 linatsindikanso zomwezo. Komabe mwana amene sanalowetsedwe bwino mu kompyuta sawerengedwa, ndipo sukulu imamuphunzitsa ndi ndalama za anzake. Ndiye abale anga, kubisala sikuthandiza sukulu. Pitani ku ofesi ya kalaliki mukaonetsetse kuti dzina, tsiku lobadwa ndi kalasi ya mwana zalembedwa molondola. Ngati satifiketi yakubadwa palibe, kalembetseni afidaviti ku polisi yofotokoza mwanayo, muipereke, musungeko kope yanu.

Che Jali a ku Mayfair

Ine ndikuona ngati mukuzungulira. Mankhwala ake ndi osavuta: alembe m'lamulo kuti ndalama ya pa mwana izikwera yokha pa 1 January potengera kukwera mitengo kwenikweni kwa chaka chathacho, popanda nduna kusainira chilichonse. Zikatero palibe kuyerekeza, palibe dzenje.

Ndipo tisamadandaule kwambiri. Kumudzi kwathu sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994 nthawi ya a Bakili Muluzi, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni chaka chimodzi, ndalama osatsatira. Ndalama yothandizira masukulu ya School Improvement Grant imalembedwa m'makwacha, ndiye taganizani zimene zinaichitikira kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023. Kuno tikukangana za kusiyana kwa 4 ndi 6 peresenti.

A Gama a ku Turffontein

Che Jali, ganizo lanu ndi labwino theka. Lingatseke chibowo choyamba chija, cha kuyerekeza. Koma mukamangirira ku CPI wamba, chibowo cha magetsi ndi madzi chitsala chili chiyasamire. Chofunika ndi muyeso wa mitengo ya zinthu zimene sukulu imaguladi, kapena kungochotsa bilu ya khonsolo m'ndalama ya pa mwana n'kuipatsa thumba lakelake lokwera molingana ndi mitengo ya NERSA ndi ya khonsolo. Ine ndingasankhe njira yachiwiriyi, ngakhale ili ndi vuto lake: amene salipira yekha bilu sathimitsa getsi. Pangafunike malire a malita ndi mayunitsi pa mwana aliyense, sukulu ikapyola izilipira yokha.

Koma palinso china chimene lamulo lanulo silingakhudze. Nambala imene nduna ya maphunziro ya dziko lonse ku Pretoria imalengeza ndi mlingo wofuna kufikapo, ndalama yeniyeni imatuluka m'thumba la chigawo. Chigawo chimalandira gawo lake kuchokera ku National Treasury ngati mtolo umodzi. Powerengera mtolowo maphunziro amatenga 48 peresenti, koma ukafika, chigawo chimagawa chokha pakati pa sukulu, zipatala, misewu ndi zina. Ndi chifukwa chake KwaZulu-Natal yakhala zaka zambiri ikupereka R955 pa mwana m'masukulu osalipiritsa fizi pamene mlingo wa dziko unadutsa kale R1,600. Kukweza nambala mu Gazette, nyuzipepala yolengezeramo malamulo a boma, popanda kukakamiza zigawo kuifikira n'kungokometsera pepala.

Ndipo chimene chimafinya zigawo ndi malipiro. Pafupifupi R80 pa R100 iliyonse ya bajeti ya maphunziro imapita kwa ogwira ntchito. Malipirowo amakambirana pa dziko lonse, boma ndi mabungwe a ogwira ntchito: 7.5 peresenti mu 2023, 4.7 mu 2024, 5.5 mu 2025. Treasury ikapanda kupereka ndalama yonse yokwanira mgwirizanowo, chigawo chimakakoka ku R20 yotsala ija, kumene kuli mabuku, mabasi a ana ndi ndalama ya masukulu imene tikukambayi. Werengani nokha: malipiro akakwera ndi 7.5 peresenti pa R80 ndiye R6. Bajeti yonse ikakwera ndi 5 peresenti ndiye R5. R1 yoperewera ikachoka pa R20, ndiye kuti mbali imeneyo yatsika ndi 5 peresenti mitengo isanakwere n'komwe. Njira ina ndi kuchepetsa aphunzitsi, monga Western Cape inachitira podula malo 2,407 a aphunzitsi mu 2025. Sindikunena kuti aphunzitsi asakwezeredwe, nawonso amagula ufa womwewo. Ndikunena kuti amene wasainira mgwirizano ayenera kutumiza ndalama yake.

Za kumudzi mwanena zoona, koma kuchepa kwa 2 peresenti chaka ndi chaka nakonso kumaluma. Pa zaka 10, R100 imatsala ndi mphamvu ya R82.

Nachisale wa ku Rosettenville

Zikomo kwambiri, mutu wayamba kutseguka. Koma masukulu ambiri a kuno kumwera ndi m'tauni amalipiritsa fizi, pamene ana ake ndi a anthu ogwira ntchito zam'nyumba, alonda, ogulitsa m'misewu. Zimatheka bwanji? Ndipo kholo limene fizi yalikulira lichite chiyani, Mayi Nankhoma?

Mayi Nankhoma a ku Yeoville

Zimatheka chifukwa quintile imayang'ana dera lozungulira sukulu, osati matumba a makolo a ana amene ali m'kalasimo. Madera ngati Rosettenville, Turffontein, Yeoville ndi Berea kale anali a azungu, ali ndi misewu ya phula, nyumba za njerwa, madzi ndi magetsi, ndiye pa pepala amaoneka opeza bwino, ngakhale nyumba imodzi mukukhala mabanja asanu. Komanso pa kagawidwe ka dziko lonse, ana oposa theka a ku Gauteng amagwera mu quintile 4 ndi 5. Komiti ya sukulu ili ndi ufulu wolembera mkulu wa dipatimenti kupempha kuti aunikenso gulu lake. Kalata yongodandaula siipita patali. Imafunika manambala: ana angati akhululukidwa fizi, angati amalandira ndalama ya boma yothandizira ana ya ku SASSA, angati amachokera kutali, ndi ndalama zingati pa fizi yoyembekezeka zimene zatoleredwadi zaka zitatu zapitazi.

Za kholo payekha, lamulo la 2006 lili ndi masamu ake. Tengani fizi ya mwana mmodzi ya chaka chonse, phatikizani ndalama zina zimene sukulu imafuna kuti mulipire, monga za ulendo wa kalasi. Gawani ndi ndalama zonse zimene makolo awiri amapeza pa chaka asanadule msonkho, muchulukitse ndi 100. Ikafika 10 peresenti kapena kuposa, simulipira kalikonse. Pakati pa 3.5 ndi 10 mumachotseredwako gawo. Pakati pa 2 ndi 3.5 zimatengera kuti muli ndi ana angati m'masukulu a boma olipiritsa fizi. Pansi pa 2 mulipira yonse. Ana amasiye, ana olerera kudzera ku khoti ndi ana olandira ndalama ya boma yothandizira ana amakhululukidwa popanda masamu amenewa.

Chitsanzo: malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R27.58 pa ola kuyambira March 2024. Maola 8, masiku 22 pa mwezi, ndi R4,854, pa chaka pafupifupi R58,250. Ngati imeneyo ndiyo ndalama yokha ya pakhomo, fizi ya R5,825 kapena kuposa pamenepo simuyenera kulipira ngakhale senti. Ngati awiri nonse mumalandira chimodzimodzi, ndiye R116,500, fizi ya R7,000 ndi 6 peresenti, muchotseredwako gawo. Mayi wolera yekha ana, amene bambo wake wa mwana anathawa kapena akukana kuonetsa malipiro ake, atha kuwerengeredwa pa ndalama zake zokha. Zimenezi zinachokera pa chigamulo cha Supreme Court of Appeal pa mlandu wa Saffer mu 2017. Alembe afidaviti yofotokoza zimenezo.

Fomu yake mumaitenga ku ofesi ya sukulu, ndipo ndi udindo wa ahedi kukudziwitsani kuti ilipo. Muphatikize mapepala a malipiro, kapena kalata ya abwana, kapena afidaviti ngati mumadzigwirira nokha. Pereka kumayambiriro kwa chaka, uonetsetse kuti akudindira chidindo pa kope yako, ndimawauza choncho achinyamata, chifukwa fomu yopanda umboni woti inalandiridwa imasowa. Komiti iyenera kuyankha pasanathe masiku 30. Akakana, muli ndi masiku 30 ochitira apilo kwa mkulu wa dipatimenti. Muzipempha chaka chilichonse, cha chaka chatha sichiwoloka chokha. Cholakwika chachikulu chimene anthu athu amachita ndi kungosiya kulipira osalemba fomu. Zikatero ngongole imakhala yeniyeni, ndipo sukulu ili ndi mphamvu yoipereka kwa maloya. Koma ngakhale muli ndi ngongole, sukulu siloledwa kubisa lipoti la mwana, kumuletsa mayeso kapena kumubweza kunyumba, ndiponso sukulu ya boma siloledwa kulipiritsa ndalama yolembetsera. Ku sukulu zosalipiritsa fizi, chopereka chimakhala chofuna mwini, sangakakamize.

Onaninso mmene zimenezi zimabwererera kwa sukulu. Fizi ikakwera ndi 9 peresenti malipiro a makolo atakwera ndi 4 kapena 5, makolo ambiri amawoloka mzere wa 10 peresenti uja n'kukhululukidwa. Olipira amachepa, ndiye chaka chotsatira fizi imakweranso kwambiri pa otsalawo, ena mwa iwo n'kusamutsa ana. Dipatimenti imabwezako ndalama kwa sukulu chifukwa cha ana okhululukidwa, sukulu ikapempha pofika 30 June ndi mabuku a ndalama ounikidwa, koma imene imabwerayo imawerengeredwa pa mlingo wa boma uja, osati pa fizi, ndiye ndi kachigawo kochepa ka zimene zatayika. Ndi chifukwa chake makalaliki ena amachita ulesi kutulutsa fomu. N'kulakwa, koma gwero lake ndi limeneli.

Pa msonkhano wa bajeti, lamulo limati makolo adziwitsidwe masiku 30 usanachitike, ndipo bajeti ndi fizi zimadutsa pokhapokha ambiri mwa makolo amene abwera avomereza. Kholo ndi aliyense amene akulera mwana wolembedwa pa sukulupo, kaya ndi azakhali kaya agogo. Pemphani kuona bajetiyo tsiku lisanafike. Mufunse msungichuma kalata ya dipatimenti yonena ndalama ya chaka chamawa, ndi nambala ya ana imene yawerengeredwa. Mufunse kuti mzere uliwonse wakwera ndi peresenti yanji poyerekeza ndi zimene zinagwiritsidwadi ntchito chaka chino, osati zimene zinalembedwa mu bajeti yakale. Mufunse kuti akuyembekezera kutolera gawo lanji la fizi, chifukwa bajeti yowerengera kuti aliyense adzalipira ndi yabodza kuyambira tsiku loyamba. Ndipo muone mzere wa aphunzitsi olembedwa ndi komiti: pa sukulu zambiri zolipiritsa fizi umenewo ndiwo mzere waukulu, ndipo ndalama ya boma ya pa mwana siloledwa kulipira malipiro, ndiye wonsewo uli pa fizi yanu.

Mbewe wa ku Cosmo City

Ndionjezereko kamodzi pa bilu ya madzi, popeza a Gama anangoikhudza. Makomiti asanakweze fizi ayambe ayeza ngati madzi sakutayika. Lachisanu ana akaweruka, mutseke mipope yonse, mulembe nambala ya pa mita kapena muijambule ndi foni. Lolemba m'mawa ana asanafike muwerengenso. Ngati pasukulupo sipakhala munthu koma nambala yayenda, madzi akutuluka penapake. Kawirikawiri ndi mathanki a zimbudzi amene labala yake yatha, kapena malo okodzera anyamata a mtundu wakale amene amadzigejemula okha usiku wonse ndi holide yomwe. Thanki imodzi yotaya lita imodzi pa mphindi imataya malita 1,440 pa tsiku, pa mwezi oposa 43,000, ndipo ku Johannesburg bilu ya zonyansa za m'mipope pa malo ngati sukulu imatsatira madzi amene mita yawerenga, ndiye mumalipira kawiri. Kuti mudziwe mbali imene ikutaya, muzitseka vavu ya chipinda chimodzichimodzi n'kumaona ngati mita yaima.

Muyang'anenso pa bilu ngati nambala yalembedwayo ndi yowerengedwadi kapena yongoyerekeza, komanso ngati nambala ya mita ya pa bilu ikufanana ndi ya pa mita imene ili pa geti. Zikasiyana, komiti ikalembetse dandaulo ku khonsolo, itenge nambala ya dandaulolo, ndipo ipitirize kulipira ndalama imene imalipira mwezi ndi mwezi pamene nkhaniyo ikuunikidwa, kuopa kudulidwa.